KUKONDERA M'CINENERO CA ATOLANKHANI: KUSANTHULA KALEMBEDWE KA NKHANI ZA NKHANZA ZA ANSEMBE A KATOLIKA PA ANA, 1985–2021

1.0 MAU OYAMBA

Kuyambira m'caka ca 1985 nyuzipepa ndi mawailesi a ku United States, Ireland, Germany, Australia, France ndi maiko ena akhala akufalitsa nkhani za ansembe a Mpingo wa Katolika amene anagwirira ana, ndiponso za mabishopi amene anadziŵa milanduyo koma naibisa. Pambali pa nkhanizo pakhala mkangano wina umene sunazirale kufikira lero, wakuti kodi atolankhani analemba mwacilungamo kapena anakondera. Gulu lina likuti ofalitsa nkhani anangopezerapo danga lonyozera mpingo umene anali kuuda kale. Gulu linanso likuti kudandaula za kukondera ndi njira yozembera mlandu imene wolakwa aliyense amaidziŵa.

Mkangano umenewu ukutikhudza ife ophunzira ndi ophunzitsa zinenero cifukwa cakuti woŵerenga nyuzipepa saona cimene cinacitika. Amaona mau amene munthu wina anasankha. Motero m'nkhani ino tidzayang'ana malo anayi amene kukondera kumabisala: kusankha nkhani yolemba ndi yosalemba, maina opatsidwa kwa anthu ndi zocita zao, kagwiritsidwe nchito ka ziŵerengero ndi nthaŵi za aneni, ndiponso kuweruziratu munthu mlandu usanazengedwe. Pambuyo pake tidzaona mmene Africa anaonekera m'nkhanizi, ndi mavuto amene womasulira amakumana nao poziika m'Cinyanja. Cimene tifuna kuonetsa n'cakuti kukondera kunalipodi, koma sikunapendekere mbali imodzi yokha, ndipo kaŵirikaŵiri amene anaiŵalidwa ndi mbali zonse ziŵiri anali ana ogwiriridwawo.

2.0 KUKHALA CETE

Ofufuza za kukondera amakonda kuŵerenga zimene zinasindikizidwa. Komatu mkonzi wa nyuzipepa amayamba kukondera pamene agamula kuti nkhani yakutiyakuti isatuluke, ndipo kukondera kotere sikusiya mapazi pa pepala.

Mlandu woyamba kumveka m'dziko lonse la United States unali wa Gilbert Gauthe, wansembe wa dayosizi ya Lafayette ku Louisiana, amene mu 1985 anavomera kuti anagwirira ana ambiri nalamulidwa kukhala m'ndende zaka 20. Amene anafufuza nkhaniyo mozama anali Jason Berry, Mkatolika, ndipo anailemba m'kanyuzipepa ka mlungu ndi mlungu ka Times of Acadiana ndi mu National Catholic Reporter, nyuzipepa yoyendetsedwa ndi Akatolika omwe si ansembe. Magazini akuluakulu angapo anaikana. M'caka comweco wansembe Thomas Doyle, loya Ray Mouton ndi wansembe wina yemwenso anali dokotala, Michael Peterson, analemba lipoti locenjeza mabishopi a ku United States kuti vutoli linali lalikulu, koma cenjezo lao silinatsatidwe. Mu 1997 nyuzipepa ya Hartford Courant inafalitsa umboni wa amuna angapo wonena za Marcial Maciel, amene anayambitsa cipani ca ansembe ca Legionaries of Christ. Nyuzipepa zina sizinaitsate kwenikweni nkhaniyo, ndipo Vatican inamlanga Maciel mu 2006, patapita zaka 9.

Zinthu zinasintha pa 6 January 2002 pamene Boston Globe inayamba kufalitsa nkhani za John Geoghan, wansembe amene anthu oposa 130 anamnenera, ndiponso amene akuluakulu a dayosizi anali kumsamutsa kucoka ku parishi ina kupita ku ina kwa zaka pafupifupi 30. Mphamvu ya nkhanizo inali yakuti umboni wake waukulu unali makalata a mpingo weniweniwo, amene khoti linalamula kuti atsegulidwe nyuzipepayo itapempha. Kadinala Bernard Law, yemwe mu 1992 pa nthaŵi ya mlandu wa James Porter anapempha poyera kuti mphamvu ya Mulungu itsikire ofalitsa nkhani, makamaka Globe, anatula pansi udindo mu December 2002. Nyuzipepayo inalandira mphotho ya Pulitzer mu 2003.

Tikaŵerenga zaka za pakati pa 1985 ndi 2002 tipeza 17. M'zaka zimenezi nkhani zinali kutuluka apa ndi apo, iliyonse ngati ya munthu mmodzi woipa, popanda kufunsa amene anali kumteteza. Akale anati khoswe akakhala pamkhate sapheka. M'mizinda ngati Boston, ndiponso m'dziko la Ireland, mpingo unali mkhate umene mkonzi, wapolisi ndi woweruza anali kuopa kuswa. Kukondera koyamba m'mbiri imeneyi kunali kokomera mpingo, ndipo aliyense wodandaula za ukali wa atolankhani a pambuyo pa 2002 ayenera kuŵerengera cete wa zaka zapitazo.

3.0 MAINA

Dzina limene linamamatira nkhaniyi m'Cingerezi ndi lakuti "pedophile priest". Philip Jenkins, m'buku lake la 1996 lochedwa Pedophiles and Priests, anaonetsa kuti mau aŵiriŵa anachuka mwa zina cifukwa onse ayamba ndi lembo limodzi, motero amakoma m'kamwa ndi pa mutu wa nkhani. Kwa madokotala liwu loyambalo limanena za munthu wolakalaka ana osatha msinkhu. Kafukufuku wa John Jay College of Criminal Justice, amene mabishopi a ku United States anapempha ndipo anatuluka mu 2004, anapeza kuti mwa ana onenedwa kuti anagwiriridwa, 22 peresenti anali a zaka 10 kapena kuceperapo, 51 peresenti anali a zaka 11 mpaka 14, ndipo 27 peresenti anali a zaka 15 mpaka 17. Tsono n'zoona kuti dzinalo silinakwanire milandu yonse.

Koma oteteza mpingo anaigwira mfundo imeneyi naipititsa patali kuposa pamene ingafike. Lipoti laciŵiri la John Jay, la 2011, linati ansembe osakwana 5 peresenti mwa onenedwawo ndiwo anali ndi khalidwe loyenera dzinalo, koma linafika pamenepo poika malire a kutha msinkhu pa zaka 10, pamene madokotala a maganizo amaika malirewo pa zaka 13. Mwana wa zaka 11 kapena 12 ndi mwana ndithu, kaya dokotala amchule motani womgwirirayo. Ena anafuna kuti vutoli lichedwe la amuna ogonana ndi amuna anzao, popeza 81 peresenti ya ogwiriridwa anali anyamata. Lipoti la 2011 lomwelo silinagwirizane nao. Linaloza ku mpata, pakuti m'zaka zimenezo anyamata ndiwo anali kutumikira pa guwa ndi kuyenda ndi ansembe popanda wowayang'anira.

Colakwa cacikulu ca dzina lochukalo, mmene ife tikuonera, cili pena. Dzinalo limasandutsa nkhaniyi kukhala ya matenda a munthu mmodzi, ndipo bishopi amene anasaina kalata yomsamutsa saonekamo. Cimodzimodzi liwu lakuti "scandal". Linacokera ku Cigiriki, ndipo m'Baibulo la cinenero cathu analimasulira kuti cokhumudwitsa. M'mutu 18 wa Mateyu limanena za munthu wolakwitsa ana aang'ono. M'kamwa mwa mabishopi linadzatanthauza mbiri yoipa imene iyenera kubisidwa kuti akhristu asafooke, ndipo m'kamwa mwa atolankhani linadzatanthauza manyazi a anthu akuluakulu amene amagulitsa nyuzipepa. M'matanthauzo aŵiri onseŵa maso ali pa mpingo, ndipo mwana amene liwulo linali kunena poyamba wacokamo.

Mpingo nawonso unali ndi maina ake. Lipoti la gulu loweruza la ku Pennsylvania la 2018 linasonkhanitsa mau ozungulira amene anali kupezeka m'makalata a madayosizi: m'malo monena kuti wansembe wagwirira mwana anali kulemba "inappropriate contact" kapena "boundary issues", ndiye kuti kukhudzana kosayenera kapena vuto losadziŵa malire, ndipo akamcotsa pa parishi anali kuuza akhristu kuti wapita kukapuma cifukwa ca matenda. Tikayerekeza mau okuza a atolankhani ndi mau ocepsa a mabishopi, oopsa kwambiri anali ocepsawo, cifukwa ndiwo anatsegulira wolakwa khomo la parishi yatsopano.

4.0 ZIŴERENGERO NDI NTHAŴI

Ciŵerengero cimaoneka ngati cosakondera, koma cimalankhula malinga ndi cimene caikidwa pambali pake. Lipoti la 2004 linati ansembe 4,392 ananenedwa ndi anthu 10,667 pa zocitika za pakati pa 1950 ndi 2002, ndipo ameneŵa anali pafupifupi 4 peresenti ya ansembe onse amene anatumikira m'zakazo. Wolemba wina adzaika 4,392 pa mutu wa nkhani, wina adzaika 4 peresenti; onse anena zoona, koma woŵerenga wa uyu adzanjenjemera pamene wa uyo adzapumira m'mwamba. Ku Australia bungwe lofufuza la boma linapeza mu 2017 kuti 7 peresenti ya ansembe a pakati pa 1950 ndi 2010 ananenedwa. Ku France bungwe lotsogozedwa ndi Jean-Marc Sauvé linati mu October 2021 ana pafupifupi 216,000 anagwiriridwa ndi ansembe ndi anthu a m'zipani za mpingo kuyambira 1950. Ciŵerengero cimeneci cinali coyerekeza, cocokera pa mayankho a anthu pafupifupi 28,000 ofunsidwa. Sicinali mndandanda wa maina. Mutu wa nkhani umene wataya liwu lakuti "pafupifupi" kapena "akuyerekeza" wasintha mtundu wa umboni, ngakhale kuti manambala ndi omwewo.

Palinso vuto la nthaŵi. Mitu ya nkhani ya m'Cingerezi imalembedwa ndi mneni wa nthaŵi yatsopano ngakhale pa zinthu zakale, motero woŵerenga wothamanga amaganiza kuti zikucitika lero. Lipoti la John Jay linaonetsa kuti milandu inacuruka kwambiri m'zaka za m'ma 1970 ndi kuyamba kutsika m'ma 1980. Lipoti la ku Pennsylvania linachula ansembe oposa 300 ndi ana oposa 1,000 m'madayosizi 6 pa zaka 70, ndipo pafupifupi milandu yonse inali yakale kwambiri kotero kuti lamulo silinalolenso kuizenga. Peter Steinfels, amene kale anali mtolankhani wa za cipembedzo wa New York Times, analemba mu Commonweal mu January 2019 kuti atolankhani ambiri anangoŵerenga masamba oyamba a lipotilo, ndi kuti silinasiyanitse zimene zinali kucitika malamulo a ku Dallas a 2002 asanabwere ndi zimene zinatsatira. Dandaulo limeneli n'lomveka, ndipo ife tikulivomereza.

Komabe mlandu suola. Bungwe la ku Australia lija linapeza kuti anthu odandaula za mabungwe a Katolika anali kutenga zaka pafupifupi 33 asanaulule. Munthu wogwiriridwa mu 1975 amene walankhula mu 2008 sanabweretse nkhani yakale. Kwa iye ndi kwa oŵerenga ndi tsiku loyamba kumveka. Ndiponso kucepa kwa madandaulo a zaka zaposacedwa, ngakhale kungasonyeze kuti malamulo atsopano akuthandiza, kuyenera kuŵerengedwa pokumbukira zaka 33 zimenezo.

Funso lina ndi lakuti bwanji atolankhani analimbana ndi Akatolika okha. Oteteza mpingo amachula lipoti limene Charol Shakeshaft analembera Dipatimenti ya Maphunziro ya United States mu 2004, lonena kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa 10 alionse anakumanapo ndi khalidwe losayenera la ogwira nchito pa sukulu, ndipo amati silinamveke konse ngati la John Jay. Kusamvekako n'koona, koma ziŵerengero ziŵirizi sizingayerekezedwe, pakuti ca Shakeshaft cinaphatikiza ndi mau otukwana ndi zina zosakhudza thupi. Pambuyo pake mabungwe ena anafikiridwa ndithu: mu February 2019 Houston Chronicle ndi San Antonio Express-News zinachula atsogoleri ndi antchito odzipereka pafupifupi 380 a mipingo ya Southern Baptist ndi ogwiriridwa oposa 700, ndipo gulu la Boy Scouts of America linalandira madandaulo oposa 82,000 litalengeza za kugwa kwake pa cuma mu 2020. Cimene cinaika Akatolika patsogolo mwina si cidani cokha. Mpingo wao uli ndi mutu umodzi, malamulo ake amafuna kuti dayosizi iliyonse isunge makalata acinsinsi, ndipo ukhoza kuimbidwa mlandu ngati bungwe. Mtolankhani amalondola pepala, ndipo mapepala anali kumeneko.

5.0 KUWERUZIRATU

Pamene odandaula za kukondera ali ndi umboni wolimba koposa ndi pa milandu ya anthu amene anapacikidwa ndi mawailesi khoti lisanalankhule. Mu November 1993 Kadinala Joseph Bernardin wa ku Chicago ananenedwa ndi mwamuna wina amene kale anali ku seminale, ndipo CNN inaulutsa nkhaniyo mwamphamvu tsiku limene mlandu unaperekedwa ku khoti. Kumayambiriro kwa 1994 wodandaulayo anacotsa dzina la Bernardin, nati sangadalire zimene anakumbukira atagonekedwa tulo ndi womthandiza maganizo. Mu May 2011 wailesi ya kanema ya boma la Ireland, RTÉ, m'pulogalamu yochedwa Mission to Prey, inanena kuti wansembe Kevin Reynolds anagwirira mtsikana ku Kenya nabereka naye mwana. Wansembeyo anali atadzipereka kuti ayezedwe magazi pulogalamuyo isanaulutsidwe, koma wailesiyo sinayembekeze. Kuyezako kunaonetsa kuti sanali atate a mwanayo. RTÉ inapepesa, inalipira, ndipo mu 2012 bungwe loyang'anira mawailesi linailipitsa ma euro 200,000. Ku Australia Kadinala George Pell anapezeka wolakwa mu December 2018, koma mu April 2020 oweruza onse 7 a khoti lalikulu la dzikolo anammasula.

Milandu imeneyi ikuonetsa cimene cimacitika pamene nkhani yakhala ndi nkhope yodziŵika kale: umboni wocepa umakwanira, cifukwa omvera akuyembekeza kumva zomwezo. Ikaola imodzi zaola zonse, amatero asodzi, ndipo mtolankhani woganiza motero wasiya nchito yake. Koma tisaiŵale kuti milandu yabodza yodziŵika ndi yoŵerengeka poyerekeza ndi zikwi zimene makhoti ndi mabungwe a boma anatsimikiza, monga malipoti a Ryan ndi Murphy a ku Ireland a 2009. Ngakhale pa Pell, zigawo za lipoti la bungwe lofufuza zimene zinatsegulidwa mu May 2020 zinati iye anadziŵa za nkhanza za ansembe ena kuyambira m'ma 1970. Kumasulidwa pa mlandu wina sikufafaniza funso lina.

Citsanzo cophunzitsa kwambiri ndi ca Lawrence Murphy, wansembe amene akuti anagwirira anyamata osamva okwana mwina 200 pa sukulu ya St John ku Wisconsin pakati pa 1950 ndi 1974. Mu March 2010 New York Times inafalitsa nkhaniyi moilumikiza ndi Kadinala Joseph Ratzinger, yemwe panthaŵiyo anali Papa Benedict XVI, popeza ofesi imene iye anali kutsogolera inalandira mlanduwo mu 1996 ndipo Murphy anamwalira mu 1998 akali wansembe. Otsutsa anati nyuzipepayo inakuza mbali ya Rome ndi kucepsa ya dayosizi ndi ya apolisi, amene anamva madandaulo zaka zoposa 20 m'mbuyomo osamzenga mlandu. Pa Pasaka wa caka comweco Kadinala Angelo Sodano ananena pamaso pa Papa kuti akhristu sagwedezeka ndi miseche. Onse aŵiri, wolemba ndi woyankha, anali kukangana za munthu wamkulu wa ku Rome. Amuna osamvawo anali atagaŵa timapepala todandaula kunja kwa chalichi cacikulu ca ku Milwaukee mu 1974, ndipo dziko linawachera khutu patapita zaka 36, dzina la Papa litaloŵa m'nkhani yao.

6.0 AFRICA M'NKHANIZI

Mu March 2002, atolankhani atampanikiza ndi mafunso ku Vatican, Kadinala Darío Castrillón Hoyos anati kucuruka kwa mafunso a m'Cingerezi kunali kuonetsa kale kumene vutoli lili. Zaka zotsatira zinamtsutsa, pakuti nkhani zomwezo zinatuluka m'Cijeremani, m'Cifalansa, m'Cisipanishi ndi m'Cipolishi. Cimene Cingerezi cinaonetsa cinali kumene kunali makhoti otsegula makalata ndi nyuzipepa zokhala ndi cuma cofufuzira kwa miyezi yambiri. Kumene nkhani sizikumveka sitinganene kuti kulibe milandu.

Caka cimodzi m'mbuyomo, mu March 2001, National Catholic Reporter inafalitsa malipoti acinsinsi a masisitere aŵiri, Maura O'Donohue wa 1994 ndi Marie McDonald wa 1998, onena za ansembe okakamiza masisitere kugona nao. O'Donohue anachula maiko 23, ambiri a mu Africa kuphatikizapo Zambia ndi Malaŵi, komanso Ireland, Italy ndi United States. Mneneri wa Vatican, Joaquín Navarro-Valls, anavomera kuti vutoli lilipo koma anati lili m'dera locepa la dziko lapansi. Nyuzipepa zakunja zambiri zinaifotokoza nkhaniyi ngati ya Africa, ya Edzi ndi ya miyambo imene akuti siigwirizana ndi umbeta, ndipo posacedwa inazirala. Papa Francis anadzavomera poyera za nkhanza kwa masisitere mu February 2019. Apa tikuona miyeso iŵiri: wansembe wa ku Boston akalakwa, colakwa ndi ca iye ndi ca mabishopi ake, wa ku Africa akalakwa, colakwa ndi ca mtundu wake. Kukondera kumeneku sikuchulidwa kaŵirikaŵiri ndi mbali iliyonse ya mkangano uja.

7.0 POMASULIRA M'CINYANJA

Nkhani zambiri zakunja zimafika kwa omvera athu zitamasuliridwa kucokera ku Cingerezi, ndipo womasulira amawonjezera zosankha zake pa za wolemba woyamba. Taonani ziganizo izi, zimene tapeka tokha kuti zikhale zitsanzo:

(1) Wansembeyo anagwirira mwanayo.
(2) Mwanayo anagwiriridwa.
(3) Ku parishiko kunacitika zosayenera.
(4) Wansembeyo anagonana ndi mwanayo.
(5) Wansembeyo anasamutsidwa.
(6) Bishopi anamsamutsa wansembeyo.

Mu (1) wocita ndi wocitidwa onse akuoneka. Mu (2) msintho wocitidwa walola kuti wocita asachulidwe, ngakhale tikudziŵa kuti alipo. Mu (3) msintho wocitika wamcotseratu, ndipo nkhanza yakhala ngati mvula imene imangogwa. Ciganizo (4) ndico coopsa koposa, cifukwa msintho wocitana, wa -an-, umanena kuti aŵiriwo anacitira pamodzi, motero umapatsa mwana gawo la mlandu. Komabe ambiri amacisankha poganiza kuti n'caulemu. Kusiyana kwa (5) ndi (6) ndiko kusiyana kwa nkhani za 1992 ndi za 2002: mu (5) muli wolakwa mmodzi, mu (6) muli aŵiri.

Pali mau enanso ofunika kusamala nao. Kunena kuti wansembe "anacimwa" kapena "anagwa" kumaika nkhaniyo m'manja mwa mpingo, kumene mankhwala ake ndi kulapa, pamene "anapalamula mlandu" kumaiika m'manja mwa khoti. Kunena kuti "anaononga mwana" kumasiya cilema pa mwanayo, monga momwe limacitira liwu lakuti "defilement" limene lamulo la Zambia limachulira mlandu wogona mwana wosakwana zaka 16. Ulemu nawo uli ndi mphamvu yake: tikati "Abambo anakana" ndi "mnyamatayo akuti", tapatsa mmodzi ulemu wa a- ndi udindo wa kholo, ndipo winayo tamuika pansi pa cikayikiro. Liwu lakuti "akuti" ndi lofunika mlandu usanagamulidwe, ndipo nkhani za Bernardin ndi Reynolds zikutiphunzitsa cifukwa cake. Koma liyenera kugwera mbali zonse mofanana, ndipo khoti likagamula liyenera kucoka.

Mphunzitsi wa cinenero angagwiritse nchito ziganizo zotere m'makalasi a ku sekondale ndi m'makoleji pophunzitsa misintho ya aneni, powafunsa ophunzira kuti m'ciganizo ciliconse wocita ndani, wabisika ndani, ndipo wapindula ndani ndi kubisikako. Mafunso omwewo adzawathandiza poŵerenga nkhani za mphunzitsi, mfumu, wandale kapena m'busa wa mpingo uliwonse.

8.0 MAU OMALIZA

Kusanthula kwathu kwaonetsa kuti atolankhani analakwa m'njira zodziŵika: anagwiritsa nchito dzina losakwanira, anasokoneza zakale ndi zatsopano, anapereka ziŵerengero zoyerekeza ngati zoŵerengedwa, anacedwa kuyang'ana mabungwe ena, ndipo pa milandu ingapo anaweruza munthu wosalakwa. Zolakwa zimenezi ziyenera kuchulidwa mosabisa, pakuti zinapweteka anthu enieni. Kwaonetsanso kuti thunthu la nkhaniyo, lakuti ana ambiri anagwiriridwa ndipo akuluakulu anabisa, linatsimikizidwa ndi makalata a mpingo weniweniwo, ndi makhoti, ndi mabungwe a maboma m'maiko angapo, ndiponso kuti ambiri mwa oyamba kuilemba anali Akatolika. Amene afuna kugwiritsa nchito zolakwa za atolankhani pofafaniza thunthu limeneli akucitanso zimene mau ozungulira a m'makalata aja anacita.

Kwa ife a zinenero za mu Africa nchito yatsala. Pafunika kafukufuku wosonkhanitsa nkhani za nkhanza kwa ana zoulutsidwa m'Cinyanja, m'Cibemba, m'Citonga ndi m'zinenero zina za m'Zambia, kuti tione misintho ya aneni ndi mau aulemu amene amasankhidwa pamene wonenedwayo ali munthu waudindo, ndi amene amasankhidwa pamene ali munthu wamba. Pafunikanso kuti akatswiri a zinenero, atolankhani ndi a zamalamulo agwirizane pa mau ochulira milandu imeneyi, mau amene sadzaweruza munthu khoti lisanalankhule, komanso sadzasenzetsa mwana mlandu umene si wake.